Impso Imene Bastien Analonjeza Solène

Tsiku la 41 linamupeza Bastien Larrieu pomwe linamusiya la dzulo lake: chagada pa bedi lopendekeka, mapazi m'mwamba, mutu kunsi, nkhope itatupa ngati ya munthu wolumidwa ndi njuchi. Amuna khumi ndi awiri anawagoneka chomwecho m'nyumba ya kafukufuku ija kunja kwa mzinda wa Toulouse, kuti madokotala aone zimene zimachitikira thupi la munthu wopita mlengalenga, kumene thupi sililemera. Masiku 60 osadzuka. Kudya chogona, kusamba chogona, zakuchimbudzi chogona, ndipo lamulo lalikulu linali lakuti phewa limodzi lisachoke pa matiresi. Wodzazonda sankaloledwa ngakhale mmodzi.

Zonsezi Bastien akanazipirira akuimba mluzu. Chimene chinkamudya n'chakuti m'thupi lake lomwelo munali impso imene analonjeza Solène.

Solène Castaing anali bwenzi lake la zaka zitatu. Impso zake zinasiya kugwira ntchito chaka chathachi, ndipo katatu pa sabata ankakhala maola anayi pa makina osefa magazi m'tauni ya Auch. Abale ake anayezedwa onse, koma palibe amene magazi ake anagwirizana naye. Amene anagwirizana anali magazi a Bastien. Opaleshoni anaiika m'mwezi wa Meyi, ukwati mu Seputembala.

M'mawa umenewo foni inalira pa kachitsulo kamene kankailendeweza pamwamba pa nkhope yake. Solène anaonekera ali pa mpando wa kuchipatala, timapaipi tofiira titatuluka pamkono.

"Nkhope yakoyo ikungokula," anatero. "Tsiku lotulukalo udzakwana pakhomo?"

"Adzagumula khoma. Iwe ukumva bwanji?"

"Ngati thumba lokutumula. Wapalasa njinga lero?"

Bastien anayang'ana pambali pang'ono. "Ndapalasa. Mphindi makumi atatu."

"Nanga bwanji suli wefuwefu?"

"Thupi lazolowera."

"Uzipalasa ndithu, Bastien. Impso yangayo usandiwolezere."

Anaseka onse awiri, koma Bastien anasiya msanga. Kumbuyo kwa Solène kunadutsa mkono wa mwamuna, n'kumufunditsa juzi pamapewa. Mkonowo Bastien ankaudziwa. Unali wa Florent, mwini sitolo ya mankhwala ku Auch, amene anakula ndi Solène kuyambira ali ana, ndiponso amene amayi a Solène ankamutchula kuti "mwana wathu" popanda manyazi.

"Akutani kumeneko ameneyo?"

"Wandibweretsa. Mayi atanganidwa ndi abakha awo lero. Ukufuna ndiziyenda wapansi?"

"Sitolo yake ilibe makasitomala?"

"Usayambe, Bastien. Ndatopa kale."

Florent anawerama n'kulowetsa nkhope yake yometedwa bwino m'foni muja. "Wa mlengalenga, zikuyenda? Mwezi mwaufika?"

"Tatsala pang'ono," anayankha Bastien. Nsanje inamuwotcha pachifuwa, ndipo munthu wogona chagada alibe koithawira.

* * *

Bodza la njingali linali ndi chiyambi chake. Bastien analembetsa dzina ku kafukufukuyu ntchito itamuthera ku fakitale ya zipangizo za ndege, magazi ake asanayezedwe n'komwe. Kalata yomuitana kukagona ndi zotsatira za kuchipatala zinafika sabata imodzi. Munthu wanzeru akanasankha chimodzi. Koma Bastien anaganiza kuti malipiro a kugonaku adzawasunga awiriwo miyezi imene onse adzakhale akuchira mabala, ndiye anati atenge zonse. Madokotala a kafukufuku sanawauze kuti ali ndi impso yopereka. Madokotala a impso sanawauze kuti akukagona miyezi iwiri mutu kunsi. Mapanga awiri avumbwitsa, koma mnyamatayu ankaona ngati mvula imagwera anthu ena okha.

Solène poyamba anakana. Anali atawerenga kuti munthu akagona chotero mafupa amataya mchere wake, mcherewo n'kupita mu mkodzo, n'kuumbika timiyala mu impso. Bastien anamuonetsa pepala lonena kuti theka la ogonawo azidzapalasa njinga chogona tsiku lililonse, kuti ofufuza aone ngati kulimbitsa thupi kumateteza mafupa ndi impso.

"Ine ndidzakhala wa njinga," anamuuza. "Ndidzatuluka wolimba kuposa mmene ndikulowera."

Chimene sanamuuze n'chakuti gulu munthu sasankha yekha. Amachita maere. Tsiku logonekedwa kompyuta inagawa mayina, ndipo la Bastien linagwera gulu la ongogona, amene ntchito yawo ndi kusachita kanthu kuti ofufuza akhale ndi owayerekezera. Akanatha kudzuka tsiku lomwelo n'kubwerera kwawo. Anachita manyazi, ndipo madzulo ake anauza Solène kuti njinga yake ndi yobiriwira.

Njingayo inagwera Idriss, mnzake wa chipinda chimodzi, mnyamata wa ku Mirail mu Toulouse momwemo, wapakamwa posatseka. Madzi akumwa ankabwera oyezedwa, botolo lililonse lili ndi dzina la mwini wake. Idriss ankabwerera kopalasa ali ndi ludzu la ng'ombe, pamene Bastien ankanyansidwa ndi kuitana namwino kakhumi pa tsiku kuti adzatenge botolo la mkodzo. Nkhani inatheka yokha. Pakati pa mabedi awiriwo panali mpata umene kamera yowayang'anira sinkaufika bwino, ndipo masana alionse botolo lodzaza linkawoloka, lopanda kanthu n'kubwerera. Anachita zimenezi milungu isanu, aliyense akuyesa kuti wachenjera.

* * *

Atolankhani a wailesi ya kanema anabwera sabata yapitayo, ndipo nkhani yawo inaulutsidwa Lachinayi nthawi ya chakudya chamasana, pamene banja lililonse la kuno limakhala patebulo. Anaonetsa Idriss akupalasa, thukuta likuyenderera chakumphumi. Kenako kamera inatembenukira ku bedi lina, mtolankhani n'kunena mokoma mtima kuti uyu ndi Bastien, wa gulu losalimbitsa thupi, amene miyendo yake sinagwirepo ntchito chilowereni.

Sipanathe mphindi zisanu foni inalira. Sanali Solène. Anali Mayi Castaing, amayi ake, mayi wamasiye woweta abakha m'chigawo cha Gers, amene chiyambireni sanamutchulepo Bastien dzina lake loyamba.

"Bambo Larrieu, ndakuonani pa kanema. Mwanenepa."

"Ndi madzi chabe, mayi, amakwera kumutu."

"Ine abakha anga ndimawatsekera milungu iwiri osayenda kuti chiwindi chinone, chifukwa ndimagulitsa chiwindi. Inu mukunenepetsa chiyani?"

"Mayi, mukandilola ndifotokoze..."

"Njinga yobiriwira ija ili kuti? Mwana wanga wakhala akundiuza za njingayo ngati ndi galimoto la ukwati. Ndamusiya patebulo pano, chakudya sanachikhudze."

Bastien anatseka maso.

"Ndikuuzeni chinthu chimodzi," anapitiriza Mayi Castaing, mawu ali pansipansi. "Impso imeneyo si yanu. Inasiya kukhala yanu tsiku limene munaimirira m'khitchini mwanga muno, n'kulonjeza pamaso panga. Mwatenga chinthu cha mwana wanga n'kukachigoneka mutu kunsi kuti anthu a mlengalenga aphunzirirepo. Mukanatenga thirakitala yanga n'kukaigwetsa m'dzenje ndikanakukhululukirani."

"Ndinkafuna kuti tikhale ndi poyambira, mayi."

"Poyambira chiyani? Woyamba naye ndani, ngati mwanayo kulibe? Florent wadziwana ndi Solène zaka makumi awiri, ndipo lamulo la wopereka impso limafuna kudziwana zaka ziwiri zokha. Lolemba akukayezetsa magazi. Ndamupempha ndine, ndipo sanafunse n'komwe kuti zimapweteka bwanji."

Foni inaduka. Idriss, amene anamva zonse chifukwa chipindacho chinalibe pobisalira, anatsokomola.

"Aise, apongozi akowo angathe kuphunzitsa timu ya mpira wa rugby."

"Tseka pakamwa, Idriss."

* * *

Masana onsewo Bastien anaimbira Solène kasanu ndi kawiri, osayankhidwa. Analemba uthenga wautali, n'kuufufuta. Analemba wina: "Ndinalakwa. Maere ndi amene anandiika kuno, ndinachita manyazi kukuuza." Patapita ola kunabwera liwu limodzi lokha: "Ndaona."

Analembanso: "Ndiimbire, chonde." Zii.

Cha m'ma folo koloko foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Florent. "Bastien, usadandaule za Solène, ndikumusamalira. Iwe ingopumula."

Ingopumula. Bastien anauwerenga uthengawo kanayi, ndipo akanakhala ndi ufulu wochotsa phewa pa matiresi akanaponya foniyo pakhoma. Panja mphepo ya autan inali itayamba, imene kuno timati ikaomba masiku atatu anthu amayamba kukangana ndi mipando. Iye anangogona akumvetsera ikugwedeza zenera, ali ndi mantha amene sanawamvepo chilowereni m'nyumbamo.

* * *

Lachisanu linali tsiku lounika impso. Anamukankha ndi bedi lake lomwe mpaka m'chipinda cha makina, kumene Dokotala Peyrat, mayi wamfupi wa imvi amene ankayang'anira ogona onse, anamupaka mafuta ozizira m'nthiti. Masiku ena dokotalayu ankacheza za mpira uku akuunika. Tsiku limenelo anangokhalira kubwereza malo amodzimodzi.

"Mukumva kuwawa kumsana, Bambo Larrieu?"

"Pang'ono. Ndimayesa ndi kugonaku."

Dokotala anatembenuza galasi la makina kuti Bastien aone. "Kadontho koyeraka ndi kamwala, kukula kwake ngati njere ya mpunga. Iyi ndi impso yakumanja. Kumanzere kulinso tiwiri, tating'ono. Tsiku lolowa munalibe kanthu."

"Mbali zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri. Musaope, timeneti timatuluka tokha kapena timatiphwanya. Koma ndikudabwa. Mchere wa m'mafupa wakwera mu mkodzo wa aliyense muno, komabe wanu wakhala wochepa ndi wokhuthala kwa milungu ingapo. Ndimayesa ndi thupi lanu. Madzi mumamwa onse?"

Bastien analizemba funsolo. Anafunsa lake. "Ndikanakhala wa njinga, zikanachitika?"

"Ndikanadziwa yankho sindikanakugonekani anthu khumi ndi awiri. Opalasa mchere wawo ukuoneka wocheperako, koma nawonso ukutuluka. Mwina njinga imathandiza, mwina imangochepetsa pang'ono. Mnzanu Idriss impso zake n'zoyera kuposa za aliyense, moti ndinayamba kusangalala. Ndakufunsani za madzi."

Apo Bastien anaulula za mabotolo aja. Dokotala Peyrat anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti Idriss wakhala akumwa madzi a anthu awiri. Tsopano ndinena kuti chamuteteza n'chiyani, njinga kapena madzi anu? Mwandiwonongera anthu awiri ndi botolo limodzi." Anapuma kwambiri. "Chabwino, zimenezo ndi zanga. Inu mudzachira."

"Adokotala, munthu wokhala ndi timiyala mbali zonse angapereke impso?"

Mayiyo anavalanso magalasi. "Mukufunsira ndani?"

"Ndinayenera kupereka mu Meyi. Kwa mkazi amene ndikufuna kumukwatira."

"Ndipo pa pepala lija munalemba kuti palibe chimene tiyenera kudziwa." Mkwiyo unabwera pankhope pake, kenako n'kusanduka chisoni, ndipo chisonicho ndi chimene chinamuopsa Bastien. "Si ine wogamula, ndi madokotala a impso. Koma sindikunamizani. Munthu wa timiyala mbali zonse kawirikawiri amamukana, chifukwa akamuchotsa impso imodzi, yotsalayo ikatsekeka alibe ina. Akakuchitirani chifundo adzati mudikire chaka, mwina ziwiri, aone ngati sitibwerera. Za Meyi iwalani."

"Ndikadzuka lero, n'kuyamba kumwa madzi ndi kuthamanga?"

"Ufulu wodzuka muli nawo nthawi iliyonse. Koma timiyalato tapangika kale. Mkaziyo angadikire zaka ziwiri?"

Bastien anakumbukira mkono wa Solène, mitsempha yake itatopa ndi singano, ndi mmene mtima wa mtsikanayo unayambira kuvuta m'nyengo yozizira yapitayi.

* * *

Atamubwezera m'chipinda, Idriss anali atauzidwa kale za mabotolo ndipo anali atakalipiridwa mokwanira. Kwa nthawi yoyamba chigonereni analibe nthabwala.

"Mphwanga, ndikanadziwa kuti impsoyo ili ndi mwini wake sindikanalandira ngakhale dontho."

"Ndinkakupatsa ndine."

"Umuuza?"

"Ndikamuuza, Florent apereka yake. Ukudziwa tanthauzo lake? Adzakhala m'thupi mwake moyo wonse. Khirisimasi iliyonse adzakhala patebulo, amayi aja akumugawira bakha wonona. Ine ndidzakhala uja anagona."

"Ukapanda kumuuza?"

Bastien anayang'ana botolo la madzi limene namwino anali atangomuikira, lodzaza mpaka pakhosi. Solène ankaloledwa theka la lita pa tsiku. Ankayeza madzi ake ndi kakapu ka mankhwala, ndipo ludzu likamukulira ankayamwa chidutswa cha ndimu chowumitsa mufiriji. Pamene mtsikanayo ankawerenga madontho, iye ankapereka mabotolo athunthu chifukwa cha ulesi woitana namwino. Manyazi anamugwira mpaka anabisa nkhope m'chigongono.

"Sindikudziwa," anatero.

* * *

Solène anaimba Loweruka masana, atangochoka pa makina. Anali atakhala m'galimoto loimitsidwa panja pa chipatala, milomo itauma, maso atafiira.

"Usalankhule, ndiyambe ine," anatero. "Masiku awiri ndakhala ndikudana nawe. Ndayesetsa ndithu, koma sizikutheka. Ndiwe chitsiru, Bastien."

"Ndikudziwa."

"Njinga yobiriwira. Unafika posankha ndi mtundu womwe."

"Ndinkaopa kuti undiuza ndibwerere."

"Ndikanakuuzadi. Koma zatha, ndakukhululukira. Mayi ndakangana nawo dzulo mpaka mbale inasweka. Ndawauza kuti sindikufuna impso ya Florent. Ndi munthu wabwino, koma mphatso yakeyo ili ndi chingwe, ndipo chingwecho agwira ndi mayi. Ndikalandira, ndidzalowa m'nyumba mwake ndisanadziwe. Ine ndikufuna yako. Ngati ndiyenda ndi chiwalo cha mwamuna m'mimba mwanga, akhale mwamuna amene ndinasankha ndekha."

Misozi ya munthu wogona mutu kunsi siitsikira kumasaya, imalowera m'tsitsi. Bastien anaimva ikuyenda chakumakutu. Ankamukonda mtsikanayu kuposa mmene anamukondera tsiku lililonse m'mbuyomo, ndipo zimene ankamva zinali zimene wakhala akulakalaka kumva.

"Florent wapita kukagula buledi," anapitiriza Solène. "Akabwera ndimuuza kuti za Lolemba aziiwale. Adokotala akuti ndikamukana tsopano, atseka nkhani yake n'kupitiriza ndi yako yokha. Ndingofuna chinthu chimodzi. Anakuunikani dzulo, si choncho? Undiuze kuti impso ili bwino, ndipo ulendo uno usaname."

Bastien anaona mmene zinalili zosavuta. Mawu awiri okha, ili bwino, ndiye kuti Florent wachoka m'moyo wawo lero lomwe. Meyi anali kutali. Timiyala mwina tikanatuluka, madokotala mwina akanamva chisoni. Koma mwinayo ndi amene anamugoneka pa bedi limeneli, ndipo ulendo uno woika moyo pa mwinayo sanali iye.

"Bastien? Wamva?"

"Usamuletse," anatero.

"Wati chiyani?"

"Florent usamuletse. Lolemba apite akayezetse. Apeza timiyala, Solène, mbali zonse ziwiri. Sindinkamwa madzi anga, ndinkapatsa Idriss. Adokotala akuti Meyi sizitheka. Mwina chaka, mwina ziwiri, mwina osatheka n'komwe."

Solène sanalire. Anangomuyang'ana, kenako n'kunyambita milomo yake youma ija.

"Unkapereka madzi," anatero pang'onopang'ono.

"Eya."

"Ukudziwa chimene ukundiuza kuti ndichite? Ukudziwa kumene ukunditumiza?"

"Ndikudziwa. Kuli bwino ukhale ndi moyo patebulo la Florent kusiyana n'kuti udikire ine."

"Sunandifunse pamene unkapita kukagona, ndipo lero sukundifunsanso. Wangogamula."

"Solène..."

Chitseko cha galimoto chinatseguka. Panamveka phokoso la pepala lokulungira buledi, kenako mawu a Florent, odekha ngati a munthu amene sanachedwepo kulikonse.

"Wati uli ndi mawu oti undiuze za Lolemba. Ndi chiyani?"

Solène anayang'ana Bastien m'foni muja komaliza. Kenako anatembenukira kwa Florent.

"Udzanditenge eyiti koloko," anatero. "Ndidzakuperekeza."

Anaika foniyo chafufumimba pamwendo pake osaizimitsa. Bastien anatsala akuyang'ana mdima wa nsalu ya siketi yake, akumva injini ikulira ndi Florent akufunsa ngati akufuna atsegule zenera.